MAKINA AAKULU A SAYANSI APHUNZIRE KUSINIRA MAGETSI

Pa malire a dziko la Switzerland ndi dziko la France, pafupi ndi mzinda wa Geneva, pali njira ya pansi pa nthaka yozungulira ngati mphete, yotalika makilomita 27, ndipo kuya kwake ndi ngati mamita 100. M'menemo muli makina otchedwa Large Hadron Collider, amene mwini wake ndi bungwe la CERN, limene maiko 12 a ku Ulaya analikhazikitsa m'chaka cha 1954. Ntchito ya makinawo ndiyo kuthamangitsa tizidutswa ta m'kati mwa atomu totchedwa mapulotoni, kufikira titamazungulira mphete yonseyo nthawi zoposa 11,000 pa sekondi imodzi, kenaka ndi kutigundanitsa, kuti mwa zobalalika zakezo akatswiri awerenge m'mene zinthu zonse zinapangikira. Makinawo anayamba kuyenda m'chaka cha 2008, ndipo pa 4 July 2012 bungwelo linalengeza kuti lapeza kachidutswa kamene Peter Higgs ndi anzake anakaneneratu kale m'chaka cha 1964.

Imeneyi ndi ntchito yolemekezeka, ndipo ife tilibe mau oichepetsa. Komatu akulu anati walira mvula walira matope. M'chaka chimene makina ake onse akuyenda, bungwe la CERN limatha mayunitsi a magetsi pafupifupi 1,300 miliyoni, amene amaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene chigawo chonse cha Geneva chimagwiritsa ntchito. Pa nyengo ya ntchito yaikulu limakoka mamegawati ngati 200 nthawi imodzi. Kuti awerengi athu aone kukula kwake, akumbukire kuti malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, makina ake onse akamayenda, amatulutsa mamegawati 130.

Tsono maganizo athu ndi awa. Maboma amene amalipira makina otere achita bwino, ndipo apitirize kuwalipira. Koma yafika nthawi yakuti kusinira magetsi kulembedwe m'mapulani a makina aliwonse atsopano khasu lisanakhudze nthaka, ndipo kukhale chimodzi mwa zinthu zimene Boma liyenera kuona lisanatulutse ndalama za anthu. Kuchikumbukira pa tsiku la mavuto lokha, monga kunachitikira zaka zapitazi, ndiko kuchedwa.

KUMENE MAGETSIWO AMAPITA

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kudziwa kumene mphamvu yonseyo imathera. Kachidutswa kothamanga kamafuna kupita molunjika, ndipo chimene chimakapinda kuti katsate mphete ndi maginito amphamvu. Mu Large Hadron Collider muli maginito aakulu 1,232 a ntchito imeneyi, aliwonse otalika mamita 15. Mawaya ake ndi a mtundu umene, ukazizira kwambiri, umalola magetsi kudutsa popanda chotchinga chilichonse, kotero kuti waya satentha ndipo mphamvu sitayika. Nzeru imeneyi ndiyo inachititsa kuti makina aakulu chotere atheke. Koma kuzizira kofunikako ndi madigiri 271 kunsi kwa pamene madzi amaundana, kuzizira koposa kwa mlengalenga pakati pa nyenyezi, ndipo kuti kusungidwe usana ndi usiku pamafunika matani ambirimbiri a mpweya wa helium ndi makina oziziritsa amene paokha amadya mamegawati makumi angapo. Chimene chapulumutsidwa ku waya chimalipidwa, mwa gawo lina, ku chipangizo choziziritsa.

Gawo lina limapita ku zipangizo zotchedwa klystron, zimene zimasandutsa magetsi kukhala mafunde okankha tizidutswato. Za mtundu wozolowereka zimabweza ngati magawo 60 pa 100 a mphamvu imene zalandira, ndipo yotsalayo imasanduka kutentha. Linanso limapita ku makina akale amene amayamba kuthamangitsa mapulotoni asanalowe m'mphete yaikulu, ena a iwo omangidwa m'chaka cha 1959 ndi ena m'chaka cha 1976, pamene magetsi sanali kuwerengedwa ngati chinthu chosowa. Ndiponso pali makompyuta zikwizikwi osunga ndi kusanthula zimene zapezeka.

Pamapeto pake, pafupifupi mphamvu yonse imene yalowa pa malo otere imatuluka ngati kutentha. Kwa zaka zambiri kutentha kumeneko kunali kungotayidwa mumlengalenga kupyolera m'nsanja zoziziritsira madzi, pamene anthu a m'midzi yoyandikana nayo anali kugula gasi ndi mafuta otenthetsera nyumba zao m'nyengo ya chisanu.

Palinso chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Pamene CERN inatulutsa lipoti lake loyamba la zachilengedwe m'chaka cha 2020, zinaoneka kuti gawo lalikulu la mpweya woononga nyengo wochokera pa malo ake enieniwo silinali la utsi wa moto ayi, koma la mipweya ya fluorine imene imagwiritsidwa ntchito m'zipangizo zoonera tizidutswa ndi m'zoziziritsa, ndipo imathawa pang'onopang'ono m'malo othonya. Umodzi mwa mipweyayo, wotchedwa SF6, umagwira kutentha kwa dziko kuposa mpweya wa kaboni nthawi zoposa 20,000. Bungwelo linalonjeza kuchepetsa mpweya wotere ndi magawo 28 pa 100 poyerekeza ndi chaka cha 2018, ndipo kunena poyera koteroko nkoyamikika.

PHUNZIRO LA CHAKA CHA 2022

Magetsi ambiri a CERN amachokera ku France, dziko limene limadalira kwambiri mphamvu ya nyukiliya. Kuyambira kale bungwelo limaimitsa makina ake m'miyezi yozizira, pamene magetsi ali okwera mtengo ndipo anthu akuwafuna kwambiri. Koma m'chaka cha 2022 zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, imene inakula mu February chaka chimenecho, inakweza mtengo wa gasi ndi magetsi ku Ulaya konse, ndipo nthawi yomweyo malo ambiri a nyukiliya a ku France anali ataimitsidwa kuti akonzedwe. Panali mantha akuti m'nyengo ya chisanu nyumba za anthu zidzakhala mumdima.

Zitatero, CERN inaimitsa makina ake masabata awiri nthawi isanakwane, kumapeto kwa November 2022, ndipo inadula ntchito ya makinawo ya chaka cha 2023 ndi magawo 20 pa 100. Malo enanso ofufuzira a ku Ulaya anafupikitsa nyengo zao za ntchito. Akuluakulu a malowo anachita mwanzeru ndi mwaulemu, pakuti sikukanakhala koyenera kuti mapulotoni azithamanga pansi pa nthaka pamene okalamba akunjenjemera m'nyumba zao. Koma tiyeni tione mtengo wake. Makina amene anamangidwa ndi chuma chochuluka anakhala chete, ophunzira amene maphunziro ao apamwamba anali kudikira zotsatira anachedwa, ndipo malipiro a antchito ndi ndalama zosamalira nyumba zinapitirira kutuluka monga mwa masiku onse. Kuzimitsa makina ndiyo njira yosinira magetsi yoonongetsa ndalama koposa zonse, chifukwa imataya chinthu chimene makinawo anamangidwira.

NJIRA ZILIPO, NDIPO ZAYESEDWA

Wina angaganize kuti izi ndi zokhumba chabe za anthu olemba m'nyuzi. Ayi ndithu. Njira zochepetsera zilipo, ndipo zinayesedwa kale m'maiko osiyanasiyana.

Yoyamba ndi yapafupi, yakuti mwana aliyense wa pamudzi angaimvetse: moto suyenera kuyaka pa mafuwa popanda mphika. Pa CERN pomwepo pali nyumba yakale yofufuzira yotchedwa East Area, m'mene maginito anali kuyaka kosalekeza, ngakhale tizidutswa timadutsamo mwa kamphindi chabe, kenaka ndi kudikira. Pamene nyumbayo inakonzedwanso, ntchito imene inatha m'chaka cha 2021, anaikamo maginito amene amayaka pa nthawi yokhayo imene tizidutswa tikudutsa, ndipo magetsi ake anatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Sayansi yochitika m'menemo sinachepe ndi pang'ono pomwe.

Yachiwiri ndi maginito osafuna magetsi konse, a mtundu uja umene umagwira chitsulo paokha. Ku Grenoble, m'dziko la France, kuli makina otchedwa ESRF, amene amazunguza maelekitironi kuti atulutse kuwala kwa X-ray kounikira nako zinthu zazing'ono zedi. M'chaka cha 2020 makinawo anatsegulidwanso atamangidwa mwatsopano, ena mwa maginito ake opinda njira ali a mtundu umenewu, ndipo kuwala kwake kunaposa kwa kale nthawi 100 pamene magetsi ake anatsika ndi magawo ngati 20 pa 100.

Yachitatu ndi kulanda mphamvu kwa tizidutswa timene tatha ntchito. Mwa masiku onse tizidutswa totere timaponyedwa pa chimwala kapena chitsulo chachikulu, ndipo mphamvu yake yonse imathera pomwepo. M'chaka cha 1965 katswiri wa pa yunivesite ya Cornell ku America, Maury Tigner, anapereka ganizo lakuti tizidutswato tibwezedwe m'makina momwe tinachokera, tilowe mosemphana ndi funde lija linatikankha, kuti tisiye mphamvu yake m'menemo ndipo ikankhe tinzake tatsopano. Ganizolo linadikira zaka zambiri kuti zipangizo zoyenera zipezeke. Mu December 2019 makina oyesera otchedwa CBETA, omangidwa ndi Cornell pamodzi ndi malo ofufuzira a Brookhaven, anaonetsa kuti nkotheka kuthamangitsa maelekitironi maulendo anai ndi kuwalanda mphamvu maulendo anai m'chipangizo chimodzi. Akatswiri enanso akukonza ma klystron amene cholinga chake ndi kubweza magawo 80 pa 100.

Yachinai ndi kupatsa anansi kutentha kumene kunali kutayidwa. Mzinda wa Lund ku Sweden uli ndi makina otchedwa MAX IV, otsegulidwa m'chaka cha 2016, ndipo madzi otentha ochokera kumeneko amalowa m'mapaipi otenthetsera nyumba za mumzindawo. Izi zinatheka mosavuta chifukwa omanga makina ndi oyendetsa mzinda anakhala pansi pamodzi pachiyambi. CERN nayo inagwirizana ndi akuluakulu a ku Ferney-Voltaire, tauni ya ku France imene ili pamwamba pa mbali ina ya mphete ija, kuti kutentha kwa makina kuthandize nyumba za anthu zikwi zingapo. Ndipo nyumba yake yatsopano ya makompyuta ku Prévessin, yotsegulidwa m'chaka cha 2024, inakonzedwa kuti kutentha kwake kupite ku maofesi a pamalopo.

Yachisanu ndi gwero la magetsiwo. Ku Allan, m'dziko la Jordan, kuli makina otchedwa SESAME, otsegulidwa mu May 2017, amene eni ake ndi maiko amene kawirikawiri sakhalira mphasa imodzi, monga Iran, Israel, Palestine, Egypt, Turkey ndi Pakistan. Ndalama za bungwelo zinali zochepa, ndipo mtengo wa magetsi unali kuopseza kulifoola lisanayambe kuyenda bwino. Mu February 2019 anatsegula munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati oposa 6, womangidwa ndi thandizo la maiko a European Union, ndipo SESAME inakhala malo oyamba aakulu a mtundu umenewu pa dziko lonse kudalira mphamvu yosatha pa zosowa zake zonse. Nzochititsa chidwi kuti amene anatsogola pa nkhaniyi ndi amene anali ndi thumba laling'ono.

MAU A MBALI ZIWIRI

Alipo anthu amene akuti makina onsewa angotsekedwa, pakuti dziko likutentha ndipo anthu mamiliyoni alibe ngakhale nyale imodzi ya magetsi. Dandaulo lao nlomveka, koma ife sitigwirizana nao. Njira yosanjira ndi kuwerengera masamba pa intaneti, imene lero aliyense ali nayo m'manja, anaiyamba Tim Berners-Lee pa CERN m'chaka cha 1989, ndipo m'chaka cha 1993 bungwelo linaipereka kwa anthu onse popanda malipiro. Pa dziko lapansi pali makina othamangitsa tizidutswa oposa 30,000, ndipo ochuluka a iwo ali m'zipatala ndi m'mafakitale. Makina ootchera khansa ndi ana a nzeru yomweyi. Mawaya a maginito ozizira aja, amene anayamba kupangidwa ochuluka chifukwa cha makina a Tevatron ku America, otsegulidwa m'chaka cha 1983, ndi a mtundu womwewo umene uli m'makina a MRI ounikira m'thupi. Ndipo kuwala kwa makina onga a ku Grenoble ndiko kumaonetsa maonekedwe a mapuloteni a tizilombo toyambitsa matenda, kuti opanga mankhwala adziwe pogwira. Munthu sadula mtengo wa mango chifukwa chakuti umafuna kuthiriridwa.

Koma akatswiri a sayansi naonso ali ndi mau amene sitingangowalandira. Iwo amakonda kunena kuti pa yuniti iliyonse ya magetsi makina a lero amapereka zotsatira zambiri kuposa akale, ndipo kuti Large Hadron Collider ikakonzedwanso, cha m'ma 2030, idzapereka zochuluka koposa. Izi nzoona. Chovuta nchakuti nyengo ya dziko siwerengera zotsatira. Imawerengera mpweya wonse wotuluka, ndipo waya wobweretsa magetsi amamva katundu yense. Nthawi zambiri chinthu chikayamba kudya pang'ono, mwini wake amangochikulitsa, ndipo pamapeto ndalama yolipira imaposa ya kale. Chifukwa chake muyeso wa zotsatira pa yuniti uyenera kuyenda pamodzi ndi malire a magetsi onse amene malo angagwiritse ntchito pa chaka. CERN inadziikira malire otere, akuti kufikira kumapeto kwa nyengo yachitatu ya ntchito ya makina ake aakulu magetsi asakwere kuposa magawo 5 pa 100 poyerekeza ndi chaka cha 2018, ndipo malo ena onse ayenera kutengera chitsanzo chimenechi.

Tisaiwalenso kuti njira zatsopanozi zili ndi mtengo wake. Maginito osafuna magetsi aja amapangidwa ndi miyala yosowa monga neodymium ndi samarium, imene kukumba ndi kuyenga kwake kumasiya zinyalala zoopsa ngati palibe chisamaliro. Miyala ya mtundu umenewu ilipo pa phiri la Kangankunde ku Balaka ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe. Choncho powerengera ubwino wa maginito otere, mtsinje ndi munda wa munthu wokhala pafupi ndi mgodi ziyenera kulowa m'chiwerengerocho.

MPHETE YA MAKILOMITA 91

Chimene chikuchititsa kuti nkhaniyi isadikire ndi ichi. Mu March 2025 CERN inatulutsa lipoti lonena kuti nkotheka kumanga mphete yatsopano yotalika makilomita 91, yotchedwa Future Circular Collider, imene gawo lake loyamba lingafune ndalama za ku Switzerland zokwana mafranki 15,000 miliyoni. Maiko amene ali m'bungwelo akuyembekezeka kugamula cha m'ma 2028, ndipo makinawo, ngati avomerezedwa, adzayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 2040 ndi kutumikira kwa zaka makumi ambiri. Amene adzalipire magetsi ake ambiri a iwo lero ali pa msana pa amai ao. Miyala ndi dothi lokumbidwa lidzakhala matani mamiliyoni ambiri, ndipo simenti yomangira, imene kapangidwe kake kamatulutsa mpweya wa kaboni wochuluka, idzakhala italemba ngongole yake makina asanayake ndi tsiku limodzi lomwe.

Mbiri ili ndi chenjezo. Ku Texas, m'dziko la America, anayamba kukumba mphete ya makilomita 87, koma m'chaka cha 1993 nyumba ya malamulo inaimitsa ntchitoyo, ataononga kale madola pafupifupi 2,000 miliyoni ndi kukumba makilomita oposa 20. Chimene chinaigwetsa chinali kukwera kwa mtengo womangira, ndi kulephera kukhutiritsa oimira anthu kuti ndalamazo zikupita poyenera. M'badwo uno funso la oimira anthu lidzakhudzanso magetsi ndi nyengo, ndipo wopempha ndalama amene alibe yankho lomveka adzabwerera chimanjamanja.

Pa chifukwa chimenechi tikupempha maboma amene amasonkha ndalama za makina otere kuti aumirire pa zinthu izi. Pulani iliyonse ibwere ndi chiwerengero cha magetsi, mpweya, simenti ndi madzi a moyo wonse wa makinawo, kuyambira pokumba kufikira pogwetsa, ndipo chiwerengerocho chiunikidwe ndi akatswiri amene sali a bungwe lopemphalo. Posankha malo, afunse ngati pali anthu apafupi amene angapindule ndi kutentha kotsala, ndi ngati magetsi ake adzachokera ku gwero loyera popanda kulanda a m'nyumba za anthu. Ndalama zofufuzira maginito, ma klystron ndi zoziziritsa zosadya magetsi ambiri zitetezedwe, pakuti chizolowezi nchakuti chuma chikachepa ndizo zimayamba kudulidwa. Ndipo chaka ndi chaka malo aliwonse otere aziulula poyera zimene adya, m'mau akuti munthu wamba wokhoma msonkho angawamve. M'mera mpoyamba, chimene sichinalembedwe m'pulani chidzafuna ndalama zowirikiza kuti chilowetsedwe konkire itauma.

Ife a mu Africa nkhaniyi ikutikhudza. Chigawo chathu chilibe makina a kuwala onga a ku Grenoble kapena a ku Jordan, ndipo akatswiri athu amayenda maulendo ataliatali kukapempha masiku ochepa pa makina a eni. Kuyambira pa msonkhano wa m'chaka cha 2015 pali gulu la akatswiri limene likulimbikira kuti makina otere amangidwe kuno, pansi pa dzina lakuti African Light Source. Tsiku limene maboma athu adzakhala pansi kukambirana za pempho limenelo, funso loyamba lidzakhala la magetsi, ndipo yankho la ku Jordan, dziko la dzuwa lambiri ndi chuma chochepa, lidzakhala lothandiza kuposa la ku Geneva. Komanso luso lililonse lochepetsa njala ya makina aakulu limatsikira ku makina aang'ono a m'zipatala za khansa, amene m'maiko athu amavutika ndi magetsi ozimazima. Tsono pamene maiko olemera akukangana za mphete yao yatsopano, atsogoleri athu a za maphunziro ndi a za mphamvu atchere khutu, atumize ana athu kukaphunzira luso limeneli kumene likupangidwa, ndipo aikeko mau ao pa misonkhano imene miyeso yake ikukhazikitsidwa.